Amuna ake a mnzanga anasowetsedwa: ndimulembere chiyani?

Aphungu,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Kawale mumzinda wa Lilongwe, koma ndinabadwira ku Harare komwe bambo anga, a ku Dedza, ankagwira ntchito. Kumeneko ndinasiyako mnzanga wa pamtima. Tinakulira mumdadada umodzi wa nyumba, tinkaimba kwaya imodzi, ndipo paukwati wanga iye ndiye anandiperekeza. Makolo akenso anali ochokera kuno kumudzi, choncho mpaka lero timacheza m'Chichewa.

Chaka chatha amuna ake anatengedwa. Kunali kukucha, akukonzeka kupita kuntchito, pamene anthu osadziwika anafika pagalimoto yopanda nambala n'kunena kuti akufuna akawafunse mafunso pang'ono. Anatuluka tiyi ali patebulo. Chichokereni sanaonekenso. Mnzangayo wayenda kupolisi, kuzipatala, kundende ndi kumochale, konseko akumuuza kuti dzinalo mulibe m'mabuku. Bambowo sanali andale otchuka, kungoti pamisonkhano ya m'dera ankayankhula mosaopa.

Sabata yoyamba ndinamuimbira foni, tinalira, ndinamuuza kuti alimbe mtima. Kenako ndinasowa chonena. Ndikalemba uthenga ndimafufutanso. Ndikalemba mawu opepesa ndimaona ngati ndikulengeza maliro, ndikalemba kuti abwera ndimaona ngati ndikumunamiza. Miyezi yadutsa ndili chete, ndipo tsopano manyazi andigwira.

Amayi a kumpingo kwathu atamva nkhaniyi anati tisonkhe chipepeso ndi kulemba kalata, koma tagawanika. Ena akuti tilembe monga timalembera kwa namfedwa, poti nthawi yapitayi munthu sangakhalenso moyo. Ena akuti tiike chithunzi pa Facebook kuti dziko lidziwe. Amuna anga akuti ndizisiye, mafoni amamvetseredwa, ndingamuputire mnzanga mavuto ena, komanso akuti nanga tikudziwa bwanji chimene bambowo analakwa. Ndithandizeni. Ndilembe kapena ndisalembe? Ndikalemba, ndinene kuti chiyani?

Ine wothedwa nzeru,
Mayi wa ku Kawale

Mayi a ku Kawale,

Lembani. Ndayamba ndi yankho chifukwa mnzanuyo wadikira mokwanira. Zotsalazi ndi za kalembedwe kake, komanso za mafunso a amuna anu ndi a amayi a kumpingo, omwe ndi mafunso ofunika kuwayankha bwinobwino.

Choyamba, lekani kudziimba mlandu wa kuuma mtima. Mwasowa mawu chifukwa vuto ili mwambo wathu sunalilambulire njira. Pakagwa zovuta pamudzi aliyense amadziwa poima. Uthenga upita kwa amfumu, masamba aikidwa pamsewu, amayi alowa m'nyumba ya siwa, abambo akhala panja mozungulira moto, adzukulu alawirira kumanda, chipepeso chilembedwa n'kulengezedwa. Ngakhale munthu wosadziwa kuyankhula amangofika n'kukhala pansi, ndipo onse aona kuti wakhuza. Wina akadwala timadziwa kokazonda. Akamangidwa timadziwa chipata cha ndende chokaperekera chakudya. Koma munthu akasowetsedwa palibe siwa, palibe bedi la kuchipatala, palibe chipata. Anthu a mtima wabwino amasowa polowera, ndiye amaima patali kudikira kuti zidziwike kaye. Tsoka lake n'lakuti kwa amene ali m'nyumbamo, woima patali chifukwa chosowa mawu ndi woima patali chifukwa chosalabadira amaoneka chimodzimodzi. Pakhomo pamangokhala zii.

Kutalikira kwa anthuku sikuchitika mwangozi, ndi mbali ya chiwembucho. Mu Disembala 2006 bungwe la United Nations linavomereza pangano loteteza anthu onse ku mchitidwe wosowetsa anthu, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2010. Panganolo limati munthu wasowetsedwa pamene wagwidwa ndi anthu a boma, kapena ndi ena ochita mololedwa ndi boma, kenako iwo n'kukana kuti sanamugwire kapena kubisa komwe ali, kotero kuti lamulo silingamufikire n'kumuteteza. Nkhanza imeneyi imagwira wotengedwayo, imagwiranso otsala. Mkazi amasowa kokadandaula, poti komwe akadapita ndi komwe kukukayikiridwa. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anansi amaona zonsezi n'kuphunzira kutseka pakamwa. Wotenga munthu mmodzi mwa njira yotere amafuna kuopseza dera lonse. N'chifukwa chake panganolo limawerengera achibale kuti nawonso ndi ozunzidwa, ndipo limati ali ndi ufulu wodziwa zoona zake za chimene chinachitika. Malawi ndi Zambia analowa m'panganoli, koma Zimbabwe sinalowe. Kalata yanu, ngakhale ikhale ya mizere isanu, ikugumula chimene otengawo amadalira kwambiri, chomwe ndi kuti banja litsale lokhalokha.

Amayi amene akuti mulembe ngati kwa namfedwa, akanireni mwaulemu, koma akanireni ndithu. Ku Zimbabwe komweko kuli nkhani ziwiri zoti muwafotokozere. Pa 3 Disembala 2008, m'bandakucha, Jestina Mukoko, mkulu wa bungwe la Zimbabwe Peace Project, anatengedwa kunyumba kwake ku Norton atavala zogonera. Apolisi anati sakumusunga ndipo sakudziwa komwe ali. Patatha masabata atatu, pa 24 Disembala, anatulukira m'khoti ku Harare ali m'manja mwa boma, ndipo chaka chotsatira bwalo lalikulu kwambiri la milandu m'dzikomo linathetsa mlandu womwe ankamuzenga litapeza kuti anazunzidwa. Nkhani ina ndi ya Itai Dzamara, mtolankhani amene mu Okutobala 2014 anakapereka kalata youza Pulezidenti Robert Mugabe kuti atule pansi udindo. M'mawa wa pa 9 Malichi 2015 anali kometetsa tsitsi ku Glen View, mu Harare momwemo, pamene munalowa amuna asanu n'kumunena kuti waba ng'ombe. Anamumanga maunyolo n'kumukankhira m'galimoto yoyera yobisidwa nambala. Khoti linalamula apolisi kuti amufunefune ndi kumapereka malipoti, boma linati silikudziwapo kanthu, ndipo zaka zoposa 10 zadutsa osaoneka. Mkazi wake Sheffra wakhala akufunsa chaka ndi chaka. Mng'ono wake wa Itai, Patson, amene mu 2016 anaimirira yekha ndi chikwangwani pamaso pa Mugabe pachikondwerero cha ufulu wa dzikolo, anamwalira ndi khansa mu Ogasiti 2020 yankho asanalimve.

Wina anabwera, wina sanabwere, ndipo tsiku limene ankatengedwa palibe akadadziwa kuti zitha bwanji. Mwina amayiwo anena kuti masabata atatu si chaka. N'zoona, mwayi umachepa nthawi ikamapita, ndipo mnzanuyo akudziwa zimenezo kuposa tonsefe. Koma kuno kwathu tinaonapo anthu akutuluka kundende ya Mikuyu patapita zaka, abale ena atataya kale mtima. Woyenera kunena kuti kudikira kwatha ndi mwini wake wodikirayo, osati ife. Kulemba kuti mzimu wa bambowo uuse mumtendere n'kuwaika m'manda amene mkazi wawo sanawaone, ndiponso n'kuwapeputsira ntchito otengawo, poti zikangomveka kuti munthu anafa, anthu amaleka kufunsa. Inunso mwaona bwino kuti kulonjeza zoti abwera ndi bodza, ngakhale likhale lokoma. Mawu oona ndi awa: sitikudziwa komwe ali, tikudikira nawe, sitinawaiwale.

Kuti mudziwe cholemba, yambani mwaona mmene tsiku la mnzanuyo limayendera. Foni saizimitsa ngakhale usiku, ndipo nambala yachilendo ikaimba mtima umachoka m'malo. Galimoto ikaima pageti amasuzumira pazenera. Akamva kuti kwapezeka thupi kwinakwake amakwera basi kupita kumochale, amuvundukulira nsalu, aona kuti ndi munthu wina, ndipo amatuluka osadziwa kuti athokoze kapena alire, poti kudikira kwayambiranso. Mwana akafunsa kuti adadi abwera liti, yankho lililonse limamupweteka. Sali pabanja monga kale, komanso si wamasiye. Malipiro a bambo anaima, ndalama zomwe zili kubanki m'dzina lawo sangazitape, a penshoni ndi a inshuwalansi amafuna chikalata cha imfa chimene iye alibe ndiponso mtima wake sukufuna kukachipempha. Nthawi zina akuchimuna amayamba kuponya maso pakatundu, kapena kunong'onezana kuti mkaziyu akudziwapo kanthu.

Katswiri wina wa za mabanja wa ku America, Pauline Boss, amene m'zaka za m'ma 1970 anafufuza moyo wa akazi a asilikali omwe anasowa pankhondo ya ku Vietnam, anapeza kuti chisoni cha mtundu uwu sichitsekeka monga cha maliro, ndipo kukakamiza munthu kuti asankhe pakati pa kuyembekeza ndi kulira kumangomuwonjezera ululu. Chothandiza n'kumulola anyamule zonse ziwiri. Lero mnzanuyo anganene kuti akumva mumtima kuti bambo ali moyo, sabata yamawa n'kunena kuti watopa, bola angomuonetsa manda. Musamutsutse pa chilichonse mwa ziwirizi. Muzimupeza pomwe waima tsiku limenelo.

Uthenga woyamba ukhale waufupi, ndipo kupepesa chifukwa cha kukhala chete kuthere m'chiganizo chimodzi, kuopa kuti mnzanuyo angapatsidwe ntchito yotonthoza inu. Mungalembe motere:

"Mnzanga, ndakhala chete nthawi yaitali chifukwa ndinasowa mawu, undikhululukire. Sindinakuiwale, ndipo bambo a ana sindinawaiwale. Ndimakumbukira mmene amasekera akamatinena kuti ife tikakumana nsima imapserera pamoto. Sindinganene kuti ndikudziwa mmene ukumvera, koma ndikudikira nawe. Usavutike n'kuyankha, ndikulemberanso Lamulungu. Kodi fizi ya mwana wamkulu teremu ino ndi ndalama zingati? Amayi a kumpingo kuno akufuna agwirepo."

Pamene ndalemba kuti bambo a ana, inu muikepo dzina limene mumawaitanira. Ambiri amaopa kutchula dzina poganiza kuti akumbutsa chisoni, ngati kuti mkaziyo anaiwala. Iye amene amagona ndi dzinalo ndi kudzuka nalo, chimamuwawa n'choti pakamwa pa ena linaleka kumveka. Muziwanena ngati munthu amene alipo: ndi okonda kuseka, ndi olimbikira ntchito. Lonjezo la Lamulungu likhale laling'ono loti mungathe kulisunga, chifukwa munthu amene akudikira kale wina sayenera kudikiranso inu. Ndipo funso la fizi ndaliika dala. Mawu oti ukafuna chilichonse undiuze amamveka bwino, koma wovutika kawirikawiri sabweranso kudzapempha. Mukatchula chinthu chenicheni, mwamupeputsira manyazi.

Pali mawu ena oti muwasiye. Oti limba mtima wawamva mpaka kutopa nawo, ndipo amamveka ngati misozi yake ikusowetsa anthu mtendere. Kunena kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu n'kusenzetsa Mulungu mlandu wa anthu amene anabwera pagalimoto aja. Ngati mumapemphera, muuzeni kuti mukupempherera bambo, iye ndi ana powatchula mayina, basi. Musayambe uthenga uliwonse ndi funso loti kodi kwamveka chilichonse, chifukwa mumamukakamiza kubwereza ayi amene amamulasa tsiku ndi tsiku. Kukamveka kanthu adzakuuzani yekha. Mphekesera musatumize, kaya zoti wina anawaona ku Johannesburg, kaya zoti anathawa ngongole kapena anapeza mkazi wina. Maloto, mawu a alosi ndi a asing'anga olonjeza kuloza komwe ali, asungeni kwanu. Mabanja otere amazunguliridwa ndi akamberembere amene amati akudziwana ndi munthu wamkati, ingotumizani ndalama. Musakhale inu wofikitsa anthu oterewa pakhomo pake.

Amuna anu anena zinthu ziwiri, china n'choona, china ayi. Za chitetezo akunena zoona. Muzilemba ngati kuti uthengawo uwerengedwanso ndi munthu wachitatu. Musatchule amene mukuwaganizira, musafunse mayina a mboni kapena a anthu omwe akumuthandiza, ndipo musatukwane boma m'foni ya munthu amene agona m'dzikomo pamene inu mugona ku Lilongwe. Moni, chikondi ndi fizi ya mwana si mlandu. Mufunseni njira imene iye akuiona kuti ndi yabwino, kaya WhatsApp, kaya kuimba, kaya kalata ya pamanja yopatsira munthu wodalirika amene akukwera basi yodzera ku Tete ndi ku Nyamapanda. Kusamala kukuphunzitseni kalembedwe, koma kusakuletseni kulemba.

Funso loti bambowo analakwa chiyani ndilo musalilole. Wolakwa amapita kukhoti. Malamulo aakulu a Zimbabwe, monganso a Malawi, amati munthu akamangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Palibe mlandu, ngakhale wakupha, umene chilango chake ndi kuchotsedwa pamaso pa anthu popanda woweruza. Ku Argentina, pamene asilikali ankalamulira kuyambira 1976 mpaka 1983 ndi kusowetsa anthu zikwizikwi, anansi ambiri ankadzitonthoza ndi mawu omwewa, oti ayenera kuti anachitapo kanthu. Mawuwo ankawagonetsa tulo, poti ankatanthauza kuti iwo amene sanachite kanthu sizingawagwere. Ifenso tisaiwale za kwathu. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo David Chiwanga, anagwidwa n'kukaphedwa ku Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Zoona zake zinatsimikizika ndi kafukufuku amene anachitika ulamuliro utasintha mu 1994. Funsani achikulire za masiku amenewo. Akuuzani mmene njira yopita pakhomo pa munthu wotengedwa inkamerera udzu, anthu akulambalala poopa kuonedwa, ndipo akuuzaninso kuti mabanjawo sanaiwale amene ankabwera mdima utagwa ndi kathumba ka ufa. Amuna anu akumbutseni mofatsa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Za Facebook, chigamulo ndi cha banja. Phokoso limathandiza, makamaka masiku oyambirira, chifukwa wosunga munthu mobisa amadziwa kuti anthu akuwerenga masiku. Koma amene adzadzuke kukagogodedwa usiku ndi mnzanuyo, osati amayi a ku Kawale. Mufunseni. Akavomera, ikani chithunzi chimene wasankha yekha, lembani dzina, tsiku ndi malo amene bambo anatengedwera, ndi funso limodzi loti ali kuti. Nyumba, nkhope za ana ndi sukulu zawo zisaoneke. Akakana, musamuyese wamantha kapena wosakonda amuna ake. Akuyeza zinthu zimene inu simukuziona.

Ndalama sonkhani ndithu, koma musazitumize ngati chipepeso, poti chimenecho ndi cha pamaliro. Nenani kuti ndi za lendi, za fizi kapena za thiransipoti, chifukwa kufunafuna munthu kumadya ndalama: basi ya kupolisi, ya kwa loya, ya kundende yakutali. M'malo mosonkha kamodzi zambiri, gwirizanani kandalama kochepa mwezi ndi mwezi. Pamaliro anthu amakhamukira masiku owerengeka n'kubalalika poti mwambo watha. Apa palibe tsiku lobalalika, choncho thandizo lake likhale loyenda ulendo wautali. Kalata ya gulu ilembedwe pamanja, mayi aliyense aikepo mzere wake. Pepala limasungidwa m'Baibulo, limawerengedwanso usiku umene tulo takana, ndipo ana adzaliona atakula. Gawanani masiku ovuta kuti lililonse likhale ndi womukumbukira: tsiku limene bambo anatengedwa, tsiku lawo lobadwa, Khirisimasi, sabata yotsegulira sukulu. Onjezanipo 30 Ogasiti, tsiku limene United Nations inaika kuti dziko lapansi lizikumbukira anthu osowetsedwa. Mungapemphe abusa kuti Lamulungu loyandikira tsikulo atchule mabanja oterewa m'pemphero. Ana nawonso alembereni mizere yawo, yowatsimikizira kuti bambo awo sanawathawe ndipo iwo sanalakwe kanthu, koma yambani mwafunsa mayi awo zimene anawauza kale kuti mawu anu asasemphane ndi ake. Ngati mayi awo a bambowo ali moyo, musawadumphe. Kawirikawiri maso onse amakhala pa mkazi, kholo n'kumalira lokha kuseri.

Kucheza kukayambiranso, uthenga wanu ungathenso kuloza zitseko zoti agogode. Osamukhuthulira malangizo, mufunseni ngati anakumanapo ndi maloya a bungwe la Zimbabwe Lawyers for Human Rights, amene akhala akutengera nkhani zotere kukhoti kuti boma lilamulidwe kufunafuna munthu kapena kumuonetsa. Ku Geneva kuli gulu la akatswiri a United Nations loona za anthu osowetsedwa, lomwe linakhazikitsidwa mu 1980. Limalandira madandaulo ochokera m'dziko lililonse, ngakhale lomwe silinalowe m'pangano lija, n'kufunsa boma lokhudzidwalo, ndipo nkhani imakhalabe m'mabuku ake mpaka zitadziwika komwe munthu ali kapena chimene chinamuchitikira. Limafuna dzina lonse, tsiku, malo, amene akuganiziridwa ndi zimene banja lachita pofunafuna. Munthu wina angathe kulemba m'malo mwa banja pokhapokha banjalo litavomera, ndipo apa ndi pamene inu, amene muli kunja kwa dzikolo, mungagwire ntchito yooneka. A Red Cross nawonso ali ndi ntchito yofufuza anthu osowa ndi kulumikizitsa mabanja. Mulimbikitseninso kusunga kope lolembamo tsiku limene wapita ku ofesi iliyonse, amene anakumana naye ndi zimene anauzidwa. Zaka zikapita mutu umasokoneza masiku, koma kope limakhala umboni.

Sindikunena kuti kalata payokha ingatsegule chitseko cha komwe bambowo ali. Koma musaiderere. Chaka chilichonse, chakufupi ndi 10 Disembala, bungwe la Amnesty International limasonkhanitsa anthu m'maiko ambiri kuti alembe makalata a mitundu iwiri: ena opita kwa akuluakulu a boma, owauza kuti akuonedwa, ena opita kwa ozunzidwa ndi mabanja awo, owauza kuti sali okha. Amalawi tinathandizidwapo ndi makalata a anthu akutali. Pamene Jack Mapanje anali ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndi pamene Vera Chirwa, amene anagwidwa pamodzi ndi mwamuna wake Orton mu Disembala 1981, anali m'ndende mpaka 1993, anthu amene sanawaonepo n'kamodzi komwe ankalemba osatopa kuti mayina awo asazimirire. Ngati alendo ankatero, inu amene munakula naye mnzanuyo muli ndi chifukwa chachikulu koposa.

Dziwaninso kuti pali chitonthozo china chimene inu simungapereke, chimene chimachokera kwa anthu amene akusenza katundu yemweyo. Amayi a ku Argentina ankakumanizana m'mizere ya m'maofesi, aliyense akufunsa za mwana wake, mpaka anazindikira kuti vuto lawo ndi limodzi. Pa 30 Epulo 1977 amayi 14 anasonkhana pabwalo la Plaza de Mayo ku Buenos Aires, kutsogolo kwa nyumba ya boma. Apolisi atawaletsa kuima pagulu, anayamba kuyenda awiriawiri mozungulira, ndipo pambuyo pake anayamba kumanga kumutu matewera oyera a ana ngati mipango kuti azizindikirana. Mmodzi mwa oyambitsa, Azucena Villaflor, anasowetsedwa nayenso mu Disembala chaka chomwecho, mafupa ake n'kudzazindikirika mu 2005, koma anzake sanaleke kubwera Lachinayi lililonse. Sindikuti mnzanuyo akagube pamsewu. Ndikuti maloya ndi mabungwe aja amadziwa mabanja ena otere, ndipo kukhala pansi ndi mayi mnzake amene safunika kumufotokozera kanthu kungamupumitse kuposa makalata athu onse.

Mwina sayankha uthenga wanu woyamba, ngakhale wachiwiri. Mwina ayankha mokalipa, kukufunsani kuti munali kuti nthawi yonseyi. Musadziteteze ndipo musabwerere m'mbuyo. Vomerani kuti akunena zoona, n'kupitiriza kulemba pa tsiku limene munalonjeza. Bambo akadzapezeka amoyo, adzabwera ndi mabala a m'thupi ndi a mumtima, ndipo banjalo lidzakufunani kuposa lero. Zikadzadziwika kuti anamwalira, imeneyo ndiyo nthawi ya chipepeso ndi mawu a pamaliro, ndipo ngati n'kotheka mudzakwere basi mukakhale naye m'nyumba ya siwa.

Koma zingathekenso kuti yankho lisabwere. Patapita zaka, mnzanuyo angasankhe kupita kukhoti kukapempha kuti bambo aziwerengedwa ngati anamwalira kuti ana apeze zawo, kapena kuchititsa mapemphero popanda thupi, kapena kukwatiwanso. Padzapezeka omunena kuti wafulumira. Angasankhenso kudikira mpaka imvi, ndipo padzapezeka omunena kuti akudzizunza. Inu musakhale m'gulu lililonse mwa awiriwa, poti moyowo ndi wake. Chimene muyenera kugwiritsitsa n'chakuti kupitiriza kwake moyo sikutseka mlandu. Pangano lija limawerengera kusowetsa munthu ngati mlandu wopitirira, umene sutha mpaka zitadziwika chimene chinamuchitikira. Munthu mmodzi sangafunse funso limodzi zaka zonse osatopa. Iye akadzatopa, inu ndi amayi a kumpingo kwanu mudzakhale ofunsa m'malo mwake, mwa njira imene iye wavomereza, kuti bambo aja ali kuti ndipo anawatenga ndani.

Ine wanu,
Aphungu